KWA ENI UDZUDZU ULUMA USANA

M'mwezi wa Meyi caka ca 2019, mwana wamkazi wa mlongo wanga anabwerako ku Dar es Salaam kumene anakaoda nsalu ndi nsapato pa msika wa Kariakoo. Anafika ali wosangalala, katundu ali mbwee. Patapita masiku anai thupi lake linayamba kutentha ngati mbaula. Mutu unali kuwanga, maso anali kuwawira mkati, ndipo mafupa anali kuphwanya ngati wamenyedwa ndi zibonga. Tonse pabanja tinati awa ndi malungo. Nanga tikanaganizanso ciani? Ku kiliniki anamupima magazi a pa cala napeza kuti malungo mulibe, koma ife sitinakhutire. Amai ake anatulutsa Coartem amene anatsala kwa mwana wina, naonjezapo Brufen kuti mafupa aleke kuphwanya. Pa tsiku lacisanu la matenda kutentha kunatsika, ife nkumati wacira. Madzulo a tsiku lomwelo anayamba kusanza kosalekeza, ndipo m'nkhama munali kutuluka magazi.

Ku cipatala dotolo anafunsa funso limene wina aliyense sanafunse: "Kodi mwayendako kunja kwa dziko posacedwapa?" Magazi atapimidwa mwapadera, kunapezeka kuti anali matenda a dengue. Caka cimeneco anthu oposa 6,000 anadwala matendawa ku Tanzania, ambiri a iwo mu Dar es Salaam momwemo. Nditapita kukamuzonda, mwanayo anandiyang'ana nati: "Amalume, ine sindimvetsa. Neti ndinanyamula, ndipo ndinagonamo usiku uliwonse monga munatiphunzitsira." Iye sananame. Cimene sanadziwe, cimenenso ine sindinali kudziwa, ncakuti udzudzu umene unamuluma sunadikire mdima. Unamuluma m'miyendo dzuwa likuwala, iye ali kunenerera mitengo pa msika.

Ife a kuno timati udzudzu tiudziwa, pakuti tinakula nao. Tidziwa kuti uyimba m'khutu usiku, kuti upatsa malungo, ndi kuti neti ndiye mankhwala ake. Zonsezi nzoona za udzudzu wa mtundu wa Anopheles. Koma masiku ano anthu athu ayenda kutali. Amalonda apita ku Dar es Salaam, Dubai ndi Guangzhou, odwala apita ku India, ana athu ali pa masukulu ndi pa nchito ku Ulaya, ndipo amwendamnjira apita ku Roma ndi ku Namugongo. Kumeneko akumana ndi udzudzu wa makhalidwe ena, wopatsa matenda ena, ndipo nzeru za kwathu pazokha sizikwanira.

MLENDO AMENE SI MAME

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Udzudzu umene tikukamba pano ndi mlendo amene akafika amangiratu nyumba. Akatswiri auchula Aedes, ndipo mitundu yake yoopsa ilipo iwiri. Woyamba ndi Aedes aegypti, umene kwao ndi kuno ku Africa. Unaoloka nyanja zaka mazana apitawo m'migolo ya madzi ya m'zombo zonyamula akapolo, ndipo lero uli m'maiko onse otentha. Ndiwo unaluma mwana wa mlongo wanga. Waciwiri ndi Aedes albopictus, umene kwao ndi m'nkhalango za kumwera ca kum'mawa kwa Asia. Ndi waung'ono, wakuda, wa mizere yoyera m'miyendo ndi mzere umodzi woyera pamsana. Azungu anaupatsa dzina la tiger cifukwa ca mizereyo. Ife tikanauchula mbidzi.

Udzudzu umenewu suuluka mtunda wautali. Moyo wake wonse ukhalira pafupi ndi pamene unabadwira, mamita 200 kapena kuposerapo pang'ono. Nanga unafika bwanji ku maiko onsewa? Tinaunyamula ndife anthu. Waukazi uikira mazira m'mbali mwa cinthu cosunga madzi, pamwamba pang'ono pa madziwo. Mazirawo angathe kukhala ouma miyezi yambiri osafa, ndipo akangonyowa aswa. Pakatha masiku 7 mpaka 10 udzudzu watsopano wayamba kale kuuluka. Tsono palibe cinthu cimene uukonda kuposa tayala lakutha, pakuti mkati mwake muli mthunzi ndipo madzi a mvula satayika. Matayala ogwirapo kale nchito agulitsidwa kucokera dziko lina kupita lina, ndipo mazira ayenda nao m'zombo popanda pasipoti.

Mwa njira imeneyi udzudzu wa mizere unapezeka ku Albania mu 1979, ku Houston m'dziko la America mu 1985, ku Genoa m'dziko la Italy mu 1990, ndi ku Nigeria mu 1991. Ku France unakhazikika mu 2004, ndipo kucokera ku gombe la kumwera wakwera ndi magalimoto mpaka ku Paris. Mazira ake apirira ngakhale cisanu ca ku Ulaya. Pafupi ndi ife, unapezeka ku Maputo mu 2015, ndipo pofika 2024 akatswiri anali atalengeza kuti aupeza m'zigwa za kumwera kwa Zambia.

ZIMENE ZINACITIKA KU ITALY

Ambiri a ife tiganiza kuti ku Ulaya kulibe udzudzu, kapena kuti ulipo koma ulibe matenda. Nkhani ya ku Italy itsegule maso athu. M'mwezi wa Juni 2007 munthu wina wocokera ku Kerala m'dziko la India anakaceza kwa wacibale wake m'mudzi wa Castiglione di Cervia, m'cigawo ca Ravenna. Ali kumeneko thupi linatentha. M'magazi mwake munali kacirombo ka chikungunya, ndipo udzudzu wa mizere, umene unali utakhazikika kale m'mudzimo, unamuluma nkukaluma ena. Pofika Seputembala anthu oposa 200 anali atadwala, ndipo nkhalamba imodzi inamwalira. Aka kanali koyamba kuti matendawa afalikire m'dziko la Ulaya.

Mu 2017 chikungunya inabukanso ku Anzio ndi mu Roma momwemo, kotero kuti m'madera ena a mzindawo analetsa kwa kanthawi kupereka magazi. Mu 2023 anthu ena mu Roma anadwala dengue asanapite ku dziko lina lililonse, ndipo mu 2024 matenda omwewo anabuka m'tauni ya Fano. Udzudzuwo uswana m'ngalande za m'misewu, m'timbale ta pansi pa miphika ya maluwa, ngakhale m'mitsuko ya maluwa ya pa manda. Ici ndico cifukwa cake m'matauni ambiri a ku Italy alangiza anthu kuthira mcenga m'mitsukoyo. Nyengo yake ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene alendo aculuka.

Sitikunena kuti aliyense wopita ku Roma adzabwerako ali wodwala. Ambiri abwerako ndi zotupa zoyabwa m'miyendo cabe. Phunziro la ku Ravenna ndi lakuti mliri ufuna zinthu ziwiri: udzudzu wokhazikika pamalo, ndi wapaulendo mmodzi wonyamula kacirombo m'magazi. Aedes aegypti ali nafe kale m'makomboni athu. Wapaulendoyo angathe kukhala ine kapena inu.

MATENDA ANAI OYENERA KUWADZIWA

Oyamba ndi dengue. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linena kuti pafupifupi theka la anthu a padziko akhala m'madera kumene angatenge matendawa. Mu 2024 anthu oposa 14 miliyoni analembedwa kuti adwala, ciwerengero cimene sicinaonekepo kale, ndipo oposa 6 miliyoni a iwo anali a ku Brazil. Zizindikiro ziyamba masiku 4 mpaka 10 munthu atalumidwa: kutentha thupi kwambiri, mutu, kuwawa kumbuyo kwa maso, kuphwanya kwa mafupa ndi totupa pakhungu. Ambiri acira pa sabata imodzi kapena awiri. Nthawi yoopsa ndi pamene kutentha kwayamba kutsika, monga tinaonera pa mwana wathu. Kupweteka kwambiri m'mimba, kusanza kosalekeza, magazi m'nkhama kapena m'mphuno, ndi kufooka kwakukulu, zonsezi zitanthauza kuti wodwala athamangitsidwe ku cipatala nthawi yomweyo. Kacirombo ka dengue kali ndi mitundu inai, ndipo wodwala kaciwiri ndi mtundu wina ndiye ali pa ngozi yaikulu. Amalonda obwerezabwereza ulendo asaiwale zimenezi.

Aciwiri ndi chikungunya. Dzinali ndi la cilankhulo ca Amakonde a kumwera kwa Tanzania, kumene matendawa anadziwika koyamba mu 1952, ndipo likamba za kupindika kwa munthu amene mfundo zake zikuwawa. Kawirikawiri sapha, koma kuwawa kwa m'manja, m'mawondo ndi m'akakolo kungathe kukhala miyezi, ngakhale zaka, makamaka kwa acikulire. Pa cisumbu ca Réunion, m'zaka za 2005 ndi 2006, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anadwala.

Acitatu ndi Zika, dzina la nkhalango ya ku Uganda kumene kacirombo kake kanapezeka mu 1947. Munthu wamkulu nthawi zambiri samva kanthu. Tsoka ligwera mwana wa m'mimba. Ku Brazil mu 2015 ndi 2016 ana ambiri anabadwa ndi mitu yaing'ono ndi bongo wosakula bwino cifukwa amai ao analumidwa ali ndi pakati. Kaciromboka kangathenso kupatsirana pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Cotero mai woyembekezera asapite kumene kuli mliri wa Zika, ndipo WHO ilangiza kuti banja lidikire lisanatenge pathupi: miyezi 3 ngati amene anayenda ndi bambo, miyezi 2 ngati ndi mai.

Acinai ndi yellow fever, matenda oononga ciwindi amene acititsa maso cikasu, ndipo mwa amene adwala kwambiri pafupifupi theka amwalira. Kumapeto kwa 2015 mliri unabuka ku Luanda m'dziko la Angola nufalikira ku Congo, ndipo anchito 11 a ku China anabwerera nao kwao. Mwamwai matendawa ali ndi katemera wamphamvu. Jekeseni imodzi iteteza moyo wonse, ndipo kuyambira mu 2016 khadi lacikasu silithanso nchito pakapita zaka 10 monga kale.

WA MALUNGO NAO UKUYENDA

Tisaganize kuti Aedes yekha ndiye wosamuka. Mu 1930 udzudzu wa malungo wa kuno ku Africa unapezeka ku Natal, doko la ku Brazil, utaoloka nyanja m'zombo zocokera ku Dakar. Mu 1938 unabutsa mliri umene unapha anthu osacepera 14,000, ndipo zinatengera nkhondo yaikulu kuti authetse pofika 1940. Lero Africa ndiye walandira mlendo wotere. Udzudzu wochedwa Anopheles stephensi, wa ku India ndi ku maiko a Aluya, unapezeka ku Djibouti mu 2012. Caka cimeneco dzikolo linali ndi odwala malungo 27 okha, litatsala pang'ono kuwathetseratu. Pofika 2020 odwala anaposa 73,000. Udzudzuwo unapezekanso ku Ethiopia ndi Sudan mu 2016, ku Nigeria mu 2020, ndi ku Kenya ndi Ghana mu 2022. Udzudzu wathu wa malungo ukonda zithaphwi ndi madambo a kumidzi, koma uwu uswana m'mathanki ndi m'migolo ya madzi pakati pa tauni. Wopita ku mizinda ya maiko amenewa asasiye neti poganiza kuti m'tauni mulibe malungo.

Palinso ngozi ina imene ikhudza mabanja athu ambiri. Mwana amene wakhala zaka ku Britain kapena ku America akabwera kudzaona makolo, amati: "Ine ndine wa konkuno, malungo andidziwa." Komatu mphamvu yolimbana ndi malungo imene thupi lipeza polumidwalumidwa imatha munthu akakhala kumene kulibe malungo, ndipo adzukulu obadwira kumeneko alibiretu. Mu 2023 anthu oposa 2,000 anapezeka ndi malungo ku Britain atabwerako ku maulendo, ambiri a iwo atakaceza kwa acibale ku Africa. Agogo, polandira adzukulu, funsani ngati abwera ndi mankhwala opewera malungo, ndipo akonzereni neti yabwino asanafike.

MUSANANYAMUKE

Safunsa anadya phula. Pitani ku cipatala kukali masabata 4 mpaka 6 ulendo usanafike, muuze dotolo dziko limene mukupita, mwezi wake, ndi matenda amene muli nao kale. Maiko monga Uganda, Angola, Congo ndi Ghana afuna khadi lacikasu pa cipata, ndipo khadilo liyamba kugwira nchito patapita masiku 10 cibayire. Pali ena amene agula khadi lacinyengo kuti athawe jekeseni ndi mtengo wake. Angapusitse wa pa cipata, koma udzudzu suwerenga makhadi. Makanda, amai apakati, a zaka zoposa 60 ndi amene citetezo ca thupi cili cofooka ayambe akamba ndi dotolo asanabayitse. Akatemera a dengue ndi a chikungunya aliponso m'maiko ena, koma si a munthu aliyense, cotero citetezo cacikulu cikali kupewa kulumidwa.

M'cikwama muikemo mankhwala odzola othamangitsa udzudzu. Werengani pa botolo, muone ngati palembedwa DEET, wa maperesenti 20 mpaka 50, kapena picaridin, kapena IR3535. Muikemonso Panado, neti, masokosi, ndi zovala za manja aatali zowala mtundu, pakuti udzudzu ukonda zakuda.

MULI KUMENEKO

Aedes aluma usana wonse, makamaka m'mawa dzuwa litangotuluka ndi madzulo lisanalowe. Auluka m'munsi mwakacetecete, naluma m'akakolo ndi m'zigongono. Cakudza siciyimba ng'oma. Cotero dzolani mankhwala m'mawa musanatuluke, ndipo bwerezani monga botolo linenera, makamaka mukatuluka thukuta. Ngati mudzolanso mafuta oteteza ku dzuwa, yambani ndi amenewo, a udzudzu abwere pamwamba. Mwana musam'dzoze m'manja, pafupi ndi maso kapena pakamwa, ndipo khanda losakwana miyezi 2 musalidzoze konse, lifunditseni neti. Wogona masana, kaya ndi mwana kaya ndi wodwala, agone mu neti. Posankha cipinda yang'anani ngati mazenera ali ndi sefa, ndipo tayani madzi ali m'mabeseni ndi m'timbale ta maluwa.

Mukalumidwa, sambani pamalopo ndi sopo, ikanipo kansalu kozizira, ndipo pewani kukanda, pakuti cilonda ca zikhadabo ndico cicita mafinya. Koma ngati milomo kapena nkhope yatupa, kapena mpweya wayamba kubanika, makamaka mutalumidwa ndi njuci kapena mavu, funani cithandizo mwamsanga.

Tizirombo tina natonso tiyenera kuchulidwa. M'mapaki, m'udzu ndi m'nkhalango za ku Ulaya ndi ku America muli nkhupakupa zopatsa matenda a Lyme. Mukayenda m'malo otere dzifufuzeni thupi lonse madzulo. Mukaipeza, igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu, muikoke pang'onopang'ono osaifinya kapena kuiocha, ndipo pakatuluka bwalo lofiira lomakula muonane ndi dotolo. Nsikidzi, zimene zinasautsa anthu a ku Paris mu 2023, sizidziwika kuti zipatsa matenda, koma zikwera m'masutukesi. Yang'anani m'misoko ya matiresi, ndipo cikwama musaciike pa bedi.

MUTABWERAKO

Ulendo sutha pa tsiku lofika kunyumba. Kwa masabata 3 pitirizani kudzola mankhwala ndi kugona mu neti ngakhale mukumva bwino, pakuti ambiri anyamula kacirombo osadwala, ndipo udzudzu wa pakhomo panu ungathe kukatenga kwa inu nkukapatsa mwana wanu kapena wa mnansi. Thupi likatentha, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Malungo apimidwe coyamba, cifukwa ndiwo apha msanga. Koma musadikire kufunsidwa: nenani nokha dziko limene munapita ndi tsiku limene munabwerako. Pocepetsa kutentha imwani Panado yekha ndi madzi ambiri. Aspirin, Brufen ndi diclofenac musamwe mpaka dotolo atatsimikiza kuti si dengue, pakuti mankhwala amenewa aonjezera kukha magazi. Coartem aciza malungo, alibe mphamvu pa dengue kapena chikungunya. Apa mpamene ife tinalakwa kawiri, ndipo tikanataya mwana.

Kenaka zungulirani nyumba yanu kamodzi pa sabata. M'makomboni mwathu madzi avuta, ndipo tonse tisunga m'migolo ndi m'zidebe. Zivundikireni bwino, ndipo pocapa kwecani m'mbali mwake kumene mazira amatirira. Matayala amene titsindira malata a denga kapena amene ana asewera nao abooleni kapena athireni dothi. Zitini, mabotolo ndi zigoba zikwirireni. Madzi odzaza kapu ya botolo akwanira kuti udzudzu umenewu uswane.

Mwana wa mlongo wanga anacira atagona masiku asanu m'cipatala, ndipo malonda ake sanaleke. Basi ya ku Nakonde akwerabe, neti anyamulabe, koma tsopano kabotolo ka mankhwala kakhala m'cikwama ca m'manja pamodzi ndi pasipoti. Atabwerako ulendo wina ndinamupeza akugubuduza matayala awiri amene anakhala zaka kuseri kwa nyumba ya amai ake. Ndinamufunsa cimene matayalawo anamulakwira. Iye anati: "Amalume, ine ndinadwala ndili wamkulu ndipo ndinapulumuka. Nanga ndikabwera nako kacirombo, ana awa akalumidwa, ndidzati ciani?"